Kefasi ndi Masitepe a pa Chulu

Inu amene mwakhala pansi lero chifukwa ntchito ya manja anu yakuchititsani manyazi, senderani kuno mumve za Kefasi.

Tsiku limene Che Saidu anagwa, Kefasi anali pamsika wa pa Boma ku Mchinji akudya tchipisi pachiwaya. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Anangomva dzanja lamugwira kolala kumbuyo. Asanafunse n'komwe kuti kwagwanji, anthu anali atamuzinga kale, ndipo anamukwekweretsa mpaka kusitolo ya Che Saidu.

Che Saidu anali wamalonda wodziwika pa Bomapo, mwini nyumba yosanja: pansi sitolo, pamwamba pokhala iwo ndi banja lawo. Masitepe okwerera pamwambapo anali a simenti, okhota pakati, ndipo chogwirira chake chamatabwa anapanga ndi Kefasi miyezi ingapo m'mbuyomo. Tsikulo bambowo ankatsika kuti apite kumzikiti. Anatsamira chogwiriracho monga ankachitira masiku onse. Timizati take tinazuka m'mabowo, chogwirira chonse chinapita pansi, iwo n'kutsatira. Anathyoka fupa la m'chiuno.

Kefasi anafika galimoto itawatenga kale kupita nawo kuchipatala. Anapeza matabwa ake ali mbwee pansi, ndipo mayi Asiatu, akazi a Che Saidu, ataima pakhomo. Mayiwo sanakuwe. Anatola kamzati kamodzi, n'kukalowetsa m'bowo lake. Kankagwedera ngati supuni m'kapu.

"Ichi ndiye unatiikira kuti tizigwira?"

 Anthu ndiwo anamuyankhira Kefasi, ena ndi pakamwa, ena ndi makofi. Kalipentala wina wa m'mbali mwa msewu, amene ntchito yomweyo anaifuna koma osaipeza, anakweza mawu kuti aliyense amve. Anati izi ndi zimene zimachitika ukapatsa mwana wa tenanti ntchito ya m'nyumba ya anthu, manja ozolowera kumanga chigafa ndi luzi. Abwerere kuesiteti akasoke fodya. Wina ananyamula bokosi la zipangizo limene Kefasi ankayenda nalo n'kulikhuthulira m'ngalande.

Tinene chilungamo. Kefasi analakwa, ndipo munthu wosalakwa anavulala. Pamenepo palibe chozemba. Koma pa Boma pomwepo pali madenga odontha, zitseko zoti uzichita kukankha ndi phewa, mabedi othyoka sabata yoyamba ya ukwati, ndipo palibe mmisiri amene anafunsidwapo kuti bambo ake amagwira ntchito yanji. Amangoti matabwa anali oipa, nkhani n'kutha. Koma akalakwa mwana wa tenanti, mlandu umagwera bambo ake, mayi ake, ndi aliyense amene anagonapo m'nyumba yaudzu ya pa esiteti. Zimenezo si chilungamo, ndipo sizidzakhalapo chilungamo.

Kefasi anabadwira pa esiteti ina ya fodya cha ku Kachebere, kufupi ndi malire a Zambia. Bambo ake, a Lameki, anachokera ku Phalombe ali mnyamata, akuti adzangolima chaka chimodzi n'kubwerera. Imvi zinawapeza pomwepo. Sukulu Kefasi anasiyira panjira, chifukwa nyengo ya mayeso inkagundana ndi nyengo yothyola fodya, ndipo fodya sankadikira. Ukalipentala sanaphunzitsidwe ndi munthu. Anayamba ndi kukonza mabenchi a kutchalitchi, kenako anapita pa Boma kukagwira ganyu yopala matabwa ndi sandipepa, maso ali pa manja a amisiri. Ntchito ya kwa Che Saidu inali yake yoyamba yaikulu.

Nanga chinalakwika n'chiyani? Mabowo olowetsamo timizati tija anawagoba okulirapo pang'ono, ndiye timizatito tinkagwedera. Kefasi anakumbukira chimene mwana aliyense wokulira m'munda amadziwa: khasu likamagwedera pampini, umaviika mpiniwo m'madzi, mtengo umafufuma, khasu n'kugwira. Anaviika timizati tonse m'mgolo, m'mawa mwake n'kutikhomera. Munali mu Febuluwale, mvula ili pakati. Chogwirira chinalimba ngati mwala. Che Saidu anachigwedeza ndi manja awiri, anaseka, n'kumuyamikira pamaso pa anthu.

Chimene Kefasi sanaganize n'chakuti khasu loviikidwa limagwira ntchito ya tsiku limodzi, likauma umaliviikanso. Masitepe sungawaviike m'mawa uliwonse. Dzuwa litabwera mtengo unaphwa, mabowo anatsala pululu, ndipo chogwirira chinangoima kudikira munthu woti chimugwetse.

Anatola m'ngalande muja zimene anatha kupeza, sowo ndi tchizulo ziwiri zosemera matabwa, n'kubwerera kuesiteti wapansi.

Miyezi yotsatira anakhala ngati munthu wodwala. Ankadzuka, kupita kumunda, kusoka fodya, kugona. Akamva wina akukhoma msomali ankatembenukira kwina. Anzake ena ankamutcha Injiniya, ndipo sankamutcha mwaulemu. A Lameki sanamukalipire ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yawo pa esitetipo inali yosonkha moto m'balani, nyumba yaitali yanjerwa yowotchera fodya, ndipo anangopempha kapitawo kuti mwana wawo aziwathandiza kunyamula nkhuni, kuti azimuona pafupi.

Tsiku lina mvula ikuwaza, a Lameki anatulutsa kamtengo m'balani, kamodzi mwa timitengo topachikapo fodya, kouma gwa ndi moto wa masabata ambiri. Anakalowetsa m'bowo la pamzati wa kachisakasa kawo kuti apachikepo jekete. Kanalowa mosavuta. Patapita masiku anafuna kukabweza m'balani, kamtengo kanakana.

"Iwe wa manja aunyamata, tazula aka."

Kefasi anakoka, osatheka. Anapotokola, osatheka. Anaponda mzati ndi phazi n'kukoka ndi thupi lonse mpaka kamtengoko kanathyoka, mutu wake n'kutsalira m'bowo momwemo. Anakhala pansi m'matope, akuyang'ana bowo lija.

"Kanalowa ndi ludzu," anatero a Lameki akusonkheza moto. "Kamwa chinyontho cha mvula kali m'kati momwemo. Timizati tako tija unatilowetsa titakhuta."

Bambowo anangonena ngati nkhani yocheza, n'kupitiriza ntchito yawo. Koma Kefasi tsiku limenelo sanamve njala. Anaona kuti nzeru ya mpini wa khasu sinali yabodza, kungoti iye anaigwira chadodolido. Mtengo wolowa m'bowo uyenera kulowa utauma kuposa mmene dzuwa la Okutobala lingauumitsire. Ukatero ulibenso kophwera. Chotsala n'kufufuma basi, ndipo ukafufuma umadzitsekera wokha.

Anapempha kapitawo kuti fodya akatuluka, balani ikadali yofunda, aziikamo timitengo take pakona. Kapitawo anavomera moseka. Toyamba tinang'aluka tonse chifukwa anatiika pafupi ndi moto. A Lameki anamuuza kuti mtengo auone ngati tsamba la fodya: umayamba ndi moto wofatsa, kutsegulira mpweya kuti thukuta lituluke, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono. Wopupuluma amawotcha ndalama za bwana. Bulugama yemweyo wa m'nkhalango ya esiteti, amene amisiri a pa Boma amamunyoza kuti ndi wa nkhuni ndi milimo ya chigafa, anayamba kutuluka m'balani wowongoka, wopepuka, wolira ngati belu ukamugogoda.

Zotsalazo anazisaka paliponse. Ankabwereka foni ya mphunzitsi wina wa Sande sukulu n'kumaonera mavidiyo a amisiri akunja. Chingerezi chawo chinkathamanga kwambiri, ndiye ankangotseka mawu n'kumayang'ana manja. Anamva kuti cha ku Kachebere kuli nyumba ina yakale yokhala ndi masitepe amatabwa amene sanagwederepo, anapita kukapempha mlonda kuti angowaona. Anagona chagada pansi pake mpaka mlondayo anayamba kuda nkhawa. Sanapezemo msomali. Mtengo uliwonse unali wosemedwa lilime kunsonga, lilimelo n'kulowa m'bowo la unzake, kenako chikhomo chamtengo n'kupyoza zonse ziwiri. Atayesa kwawo anatulukira kuti bowo la chikhomo ukaliphonyetsa dala pang'ono, chikhomocho polowa chimakoka lilime n'kulimiza mpaka pansi.

Koma chogwirira chimafuna masitepe, ndipo pa esiteti panalibe nyumba yosanja. Kuseri kwa nyumba za matenanti kunali chulu chachikulu chakufa, chiswe chake chinasamuka kalekale. Kefasi anatenga khasu n'kusema masitepe pachulupo, okhota pakati ngati a kwa Che Saidu. Anawaula mapazi a mizati pamoto, kuwapaka oyilo wakuda, n'kuyamba kumanga chogwirira.

Esiteti yonse inapeza choseka. Ankati Injiniya watopa ndi fodya, waganiza zopita kumwamba wapansi. Mayi wina pochokera kumjigo anamuuza kuti akafika kumwambako afunseko mtengo wa fodya wa chaka chino, chifukwa pansi pano sawauza zoona. Kefasi ankaseka nawo, tchizulo ili m'manja.

Chogwirira choyamba anachiphwasula yekha chitangotha, chifukwa pokhota panali msoko wokola chala. Chachiwiri chinapirira mvula koma chinapindika ndi dzuwa. Pokhota paja ndi pamene panamuliza. Mtengo sukhota chifukwa choti wauuza, ndiye anayenera kusema chigongono kuchokera pa chipika chimodzi chachikulu, n'kuchilumikiza ndi zigawo zowongoka modula mopendeketsa, kuti msoko ukhale wautali ndipo guluu ndi zikhomo zipeze pogwira. Zipika zimene anawononga zinaphikira nyemba nyumba zingapo. Dzinja linapita, chilimwe chinabwera, dzinja linanso. Pofuna kuyesa chogwirira chatsopano, ankapachikapo belo la fodya. Ankalola ana kuti azichita katungwe. Okutobala aliyense ankapita masana dzuwa lili paliwombo n'kuchigwedeza ngati akulimbana ndi mdani. Tsiku lina chinakana kugwedezeka, ndipo sichinagwedezekenso.

Tsono pa esiteti ija panali vuto limodzi lodziwika. Chifukwa cha kufupika kwa malire, foni ukakhala pansi inkangogwira netiweki ya ku Zambia. Wina anatulukira kuti pamwamba pa chulu cha Kefasi imagwira ya kuno kwathu. Sipanapite nthawi, anthu omwe aja ankaseka anayamba kuima pamzere. Amayi oyembekezera, nkhalamba za maondo owawa, onse ankakwera atagwira chogwirira, kukaimbira abale awo ku Phalombe, ku Thyolo, ku Mulanje. Mayi uja wa mtengo wa fodya ndiye ankachedwako kuposa onse.

Mbiri inayenda ndi mafoni omwewo. Tchalitchi china cha ku Dambe chinamuitana kuti akaike chogwirira pakhonde, okalamba asamavutike. Kenako mwini loji wina wa kutsidya kwa malire anabwera yekha kudzaona chulu, anagwedeza, anakankha ndi phazi, n'kungoti m'Chinyanja cha kwawo, "Iwe mwaiche, uziba nchito." Kefasi anagula pulena yatsopano yopalira matabwa ndi njinga. Akanatha kumangogwira ntchito kumidzi ndi ku Zambia, osapondanso pa Boma, ndipo palibe akanamudzudzula.

Koma aliyense wochokera pa Boma ankamufunsa funso limodzi: Che Saidu ali bwanji?

Yankho silinkasintha. Fupa linalumikizana, bambowo ankayenda ndi ndodo, koma chichokereni kuchipatala sanakwerenso kunyumba kwawo. Ankagona m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa sitolo, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Banja linaitanitsa wowotcherera kuti aike chogwirira chachitsulo, koma chinathera pokhota, n'kuyambiranso patsogolo. Che Saidu anayesa kamodzi. Atafika pokhota paja anayenera kusiya chitsulo chimodzi kuti agwire chinacho, ndipo thupi linakana. Anaima pamenepo mpaka antchito a m'sitolo anawanyamula ngati thumba, makasitomala akuona. Kuyambira tsiku limenelo analetsa aliyense kutchula za masitepe. Munthu womanga nyumba yosanja ndi thukuta lake ankangomva mapazi a ana ake akuyenda pamwamba pa mutu wake.

Kefasi anapita kusitolo kuja. Mayi Asiatu atangomuona anamuuza kuti ngati akufuna sopo agule, ngati akufuna china atuluke. Anapitanso mwezi wotsatira, anamutsekera chitseko. Ulendo wina ananyamula timitengo tiwiri tolumikizana, lilime m'bowo ndi chikhomo chake, n'kutisiya pakauntala. Anapempha kuti atiike padenga padzuwa, atiponye m'madzi, achite nato chilichonse, ndipo tikadzagwedera iye sadzabweranso. Mayiwo anatitenga n'kutchingira chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo.

Che Saidu anationa ali m'kachipinda kawo. Anatuma munthu kuti awapatse. Miyezi yonse yotentha ankakhala nato pampando, kupotokola, kumenyetsa pansi, kukanikiza ndi ndodo. Anafika potiviika m'ndowa n'kutiyanika pamalata. Mvula yoyamba itagwa anatumiza uthenga kuesiteti.

Kefasi analowa m'kachipinda kaja n'kunjuta pafupi ndi khomo. Fungo la sopo linali lotseka m'mphuno. Bambowo anali ataonda, ndevu zitayera.

"Wabwera kudzandimaliza?"

"Ndabwera kudzakukwezani, bambo. Ndinakutsitsani ndine."

Kefasi anawafotokozera za mgolo wa madzi, osabisa kanthu. Che Saidu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwonso anakulira m'munda ku Mangochi, ndipo mipini anaviikapo yambiri, koma sanaganizepo kuti tsiku lina adzagwetsedwa ndi nzeru ya khasu. Kuseka kutatha ananena chimene chinkawaopsa. Sikunali kutalika kwa masitepe ayi. Dzanja likangochoka pa chogwirira, mwendo umaiwala ntchito yake.

Kefasi anawalonjeza kuti dzanja lawo silidzachoka pamtengo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Mayi Asiatu anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Anati amuna awo ndi ofewa mtima, koma iwo anagona pansi m'chipatala akumva munthu akubuula, ndiye mawu okoma sawagwira. Ngati mnyamatayu akukhulupiriradi ntchito yake, abweretse bambo ake omubereka adzayambe ndiwo kutsamira, pamwamba penipeni pamene Che Saidu anagwera.

 Kefasi anavomera, n'kuwonjezapo zake: amanga tsopano, koma pasapezeke woyesa kuwakweza bambowo mpaka Okutobala, chogwiriracho chitaona mvula yonse ndi dzuwa lonse.

Ntchito anaiyamba ndi dongo la pachulu chija. Anaumba kamtanda n'kupempha Che Saidu kuti afinye ndi dzanja limene amagwirira. Mmene zala zinadindira, ndi mmene anasemera msana wa chogwirira, kuti chidzaze chikhatho koma zala zikumane pansi. Msinkhu wake anayeza pa dzanja la bambowo ataima ndi ndodo yawo. Anachotsa chitsulo chija, anaboola simenti, n'kumanga mizati ikuluikulu ndi mabawuti aatali, wina pansi, wina pokhota, wina pamwamba, chifukwa mizati ikagwedera zina zonse n'zokongoletsa chabe. Timizati anabwera nato kuchokera m'balani titakulungidwa m'pulasitiki kuti tisamwe mpweya panjira. Ankamasula kamodzikamodzi, kusema lilime mpaka lilowe ndi nyundo yamtengo osati ndi dzanja, kupaka guluu, kukhoma chikhomo. Chigongono cha pokhota anachipala mpaka msoko unasowa, ndipo pamwamba anapitiriza chogwirira kudutsa sitepe yomaliza, kuti munthu ayambe waponda pansi ndi mapazi onse awiri asanasiye.

Atamaliza anapita kwa bambo ake kukawauza zimene anavomera m'dzina lawo. Anayamba ndi kupepesa. A Lameki anangofunsa ngati kumeneko munthu amavala jekete.

Okutobala anafika ndi ukali wake wonse. Lachisanu lina m'mawa a Lameki anatsika pa kabaza kutsogolo kwa sitolo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Nkhani inali itamveka, ndipo pakhomo panadzaza anthu. Ambiri mwa iwo analiponso tsiku la makofi lija.

Mayi Asiatu ataona nkhalamba yowonda, ya manja okakala ndi moto wa m'balani, mtima unawabwerera. Anawapatsa mpando n'kunena kuti mawu aja anawayankhula ndi mkwiyo, asavutike.

"Mayi, mwanayu ndi wanga," anatero a Lameki. "Ngati n'kugwetsa, agwetse ine."

Aka kanali koyamba kuti alowe m'nyumba yosanja. Anakwera mofatsa, anadutsa pokhota, n'kukaima pamwamba. Kefasi anaima pansi, pamalo pomwe matabwa ake anali mbwee tsiku lija. Ankadziwa lilime lililonse ndi chikhomo chilichonse cha pamwambapo, komabe maso sanawachotse pa bambo ake. A Lameki anatembenuka, anatsamira chogwirira ndi msana, n'kudzigonekera kumbuyo mpaka mapazi anachoka pansi. Mayi wina anabisa nkhope m'chitenje. Bambowo anakhala choncho, akulendewera pamwamba pa simenti, kenako anadzigwedeza dala ngati mwana pakatungwe.

Mtengo sunalire n'komwe.

Anatsitsa mapazi, anakonza jekete, n'kusuzumira pansi.

"Kodi tiyi wa m'nyumba muno amamwera pamwamba kapena pansi?"

Anthu akuseka, Che Saidu anaimirira. Anapereka ndodo kwa akazi awo. Anaika dzanja pamtengo, zala n'kulowa m'malo mwake ngati zabwerera kwawo, ananong'ona Bisimila, n'kuponda sitepe yoyamba. Phokoso lonse linatha. Ankakweza mwendo wabwino, kukoka wovulala, kupuma. Wina anafuna kuwatsatira kumbuyo, mayi Asiatu anamugwira malaya.

Pokhota paja anaima. Onse anaona mapewa awo akukwera ndi kutsika. Dzanja linatsogola lokha pang'onopang'ono, zala zikufufuza pamene mtengo uthere. Sizinapapeze. Mtengo unakhota, dzanja linakhota nawo, ndipo thupi linatsatira dzanja.

Atafika pamwamba a Lameki anawapatsa moni ngati eni nyumba.  Che Saidu anayenda mpaka pazenera, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana mapiri ndi msewu wopita kumalire. Kenako anatembenuka, nkhope ili yonyowa, n'kuitana akazi awo.

"Amake Najma, matilesi anga achoke m'sitolomo. Ndatopa kununkha sopo."

Mayi Asiatu analowa kuseri kwa kauntala n'kutulutsa kamzati kakale, kaja kankagwedera ngati supuni m'kapu. Anakaika m'manja mwa Kefasi.

"Tenga. Ndinkasungira kuti ndidzakumenye nako. Tsono kwera, tiyi akuzizira."

Lero mukamadutsa pa Boma kulowera kumalire, mudzaona shedi ya matabwa yokhala ndi chikwangwani cholembedwa kuti KEFASI LAMEKI, pansi pake MWANA WA TENANTI. Anthu anamulangiza kuti mawu apansiwo afufute, akuti athawitsa makasitomala. Anawakulitsa. Zogwirira zake zili m'nyumba za ku Lilongwe ndi ku Chipata, ndipo timizati take timaumabe m'balani ya bambo ake. Akafuna ophunzira amayamba kufunsa m'maesiteti. Aliyense tsiku loyamba amapatsidwa kamzati kakale kaja kuti akagwire, n'kumva nkhani yonse ya mgolo wa madzi kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Ndiye inu amene mumayamba mwafunsa kuti munthu ndi mwana wa yani musanaone ntchito yake, lekani. Mukutaya amisiri. Gwedezani chimene wapanga, osati dzina la bambo ake.

Ndipo iwe amene unalakwitsa anthu akuona, iwe amene anakukhuthulira zipangizo m'ngalande n'kukuuza kuti ubwerere kumene unachokera: bwerera ndithu, koma osati kukagona. Kumene unachokerako kuli nzeru zimene okunyozawo alibe. Vomera pamene unalakwa, funafuna chimene chinalakwika mpaka uchigwire ndi dzanja, ndipo ngati palibe wokupatsa masitepe, sema ako pachulu. Akuseke. Ukadzakonzeka, usadzazembe khomo limene unachitira manyazi. Kagogode pomwepo.

Osataya mtima, m'bale wanga. Tola tchizulo yako m'ngalandemo, ipukute, uyambirenso.